KUSAMALA ZIBODA ZA KAVALO NDI BULU

Kavalo kapena bulu wa ziboda zodwala ali ngati ngolo yothyoka gudumu. Angakhale wonenepa, wa mano abwino ndi wa cifuwa cotakata, koma phazi limodzi lokha likampweteka, nchito yonse iima. Madotolo a ziweto anapeza kale kuti kutsimphina kwa nyama zimenezi kawiri kawiri kuyambira pansi peni peni, m'ciboda, osati paphewa kapena m'ciuno monga aganizira anthu ambiri. Ndiponso mabvuto a ciboda ayamba ali ang'ono: kamwala kokanirira, kamsomali kadzimbiri, kapena matope ogona m'phazi masiku ambiri. Mwini nyama akaona zimenezi tsiku loyamba, azithetsa ndi kamtengo ndi madzi a mcere. Akacedwa milungu iwiri, kapena adzataya nyama yace. Cifukwa cace phunziro lino lifotokoza za kuyang'ana ziboda tsiku ndi tsiku, ndi zoyenera kucita pamene bvuto laoneka.

ENI ACE A PHUNZIRO LINO

Akavalo, amene ena awacha mahachi, ali owerengeka m'Zambia. Ku Lusaka aoneka ndi apolisi pa masiku a mwambo, monga potsegulira Nyumba ya Malamulo, aonekanso pa bwalo la cionetsero ca zaulimi ndi m'mafamu a kunja kwa mzinda. Eni ace ndiwo anthu a cuma, koma owadyetsa, owapesa ndi osesa m'makola mwao ndiwo amuna wamba ocokera kumidzi ndi kumakomboni. Malipiro a munthu wotere aima pa miyendo inai ya kavalo amene amsunga. Kavalo akapunduka cifukwa ca kusasamala, nchito ya womsungayo iri pangozi.

Bulu ndiye mbale wace wa kavalo, ndipo ndiye ali pafupi ndi mlimi wa kumudzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 nthenda ya denkete inapha ng'ombe zambiri ku Cigawo ca Kumwera, ndipo mabanja ambiri anatsala opanda colimira. Nthenda imeneyi, pamodzi ndi inzace ya cigodola ya ku Cigawo ca Kum'mawa, sigwira abulu. Motero alimi ena anayamba kuweta abulu a pulawo ndi a ngolo, ndipo ku Palabana, kum'mawa kwa Lusaka, alangizi anaphunzitsa za magwiritsidwe ace. Ciboda ca bulu ndi ca kavalo zipangidwa mofanana, ndipo malangizo ali pano athandiza pa zonse ziwiri.

ADANI ATATU A CIBODA

Wofuna kuona adani onse a ciboda pa malo amodzi ayende m'makomboni a Lusaka, kumene ngolo za kumidzi yozungulira mzinda zifika m'mphepete mwace ndi makala, nkhuni ndi ndiwo zamasamba.

Mdani woyamba ndiye matope. Kanyama ndi Chawama anamangidwa pa cigwa cosatsetsereka, ndipo pansi pace pali thanthwe la mwala wa laimu. Mvula ikagwa, kuyambira November kufikira March, madzi asowa kolowera. Akulu akumbukira cigumula ca 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo caka ndi caka njira za kumeneko ndi za ku George zisanduka zithaphwi. Walira mvula walira matope. Koma ciboda cokhala m'matope usana ndi usiku cifewa, ndipo tizirombo tilowamo.

Mdani waciwiri ndiye mwala. M'cirimwe thanthwe lija lituruka pamtunda, ndipo maenje a m'njira awakwirira ndi miyala yoswa ndi zidutswa za njerwa, zonse zakuthwa. Pa miseu ya tala ya ku Matero, Mtendere ndi Kalingalinga ciboda ciperepeseka ngati mpeni pa mwala wonolera.

Mdani wacitatu ndiye citsulo: misomali, waya, zidutswa za malata ndi zitini, pamodzi ndi mabotolo osweka, zimene zibisala m'zinyalala ndi pansi pa madzi akuda.

Mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete asayese kuti zimenezi nza m'tauni mokha. Khola lace la matope, njira ya miyala yopita ku cigayo, ndi zitsa zakuthwa za m'mphanje zicita nchito yomweyo.

MAPANGIDWE A CIBODA

Kavalo ayenda pa cala cimodzi cokha pa mwendo uli wonse, ndipo ciboda ndico cikhadabo ca cala cimeneco. Kunja kuli khoma louma, losamva kuwawa. Khomalo limera kucokera pa mkombero wa pamwamba, pamene ubweya uthera, ndipo litsika mamilimita 6 kufikira 10 pa mwezi. Motero ciboda cikang'ambika kumwamba, papita miyezi 9 kufikira 12 kuti mng'aluwo ufike pansi ndi kutha. Palibe mankhwala ofulumiza zimenezi.

Munthu akatukula phazi aona zinthu zitatu. Coyamba ndico pansi pa ciboda, pamene pali pokumbika pang'ono ngati mbale. Caciwiri ndiwo mzere wotuwa umene ulumikiza pansipo ndi khoma. Mzerewu ngwofewa, ndipo ndipo palowera timiyala ndi mcenga. Cacitatu ndico kamtsamiro ka nsonga zitatu, kofewa ngati mphira, kamene kayambira ku cidendene ndi kuloza kutsogolo. Kamtsamiroka kacepetsa kugunda kwa phazi, kaletsa kuterereka, ndipo kathandiza magazi kuyenda m'phazimo. M'mbali mwace muli timigula tiwiri, mmene mubisala ndowe ndi miyala.

M'kati mwa zonsezi muli pfupa, mnofu, magazi ndi mitsempha. Popeza khoma silifutukuka, kutupa kuli konse kwa m'kati kusowa malo, ndipo ululu wace uposa wa katungulu pa cala ca munthu. Miyendo ya kutsogolo isenza magawo 6 pa magawo 10 a kulemera kwa thupi, ndico cifukwa cace ibvulala kawiri kawiri kuposa ya kumbuyo.

Bulu asiyana ndi kavalo pa zinthu ziwiri. Makolo ace anali a m'maiko ouma a kumpoto cakum'mawa kwa Africa, ndipo ciboda cace cimwa madzi kwambiri kuposa ca kavalo; motero dzinja limbvuta koposa. Ndiponso bulu abisa ululu. Kavalo wopwetekedwa aonetsa msanga, koma bulu angoima du, mutu uli pansi, kapena agona kopitirira. Eni ace ambiri amkwapula poyesa kuti ndi ulesi, pamene iye ali kudwala.

NCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

M'mawa asanamange nyama pa ngolo, ndi madzulo ataimasula, mwini atukule mapazi onse anai. Aime pambali pa nyama, moyandikana nayo, nkhope italoza kumcira. Ailankhule, atsitse dzanja pang'ono pang'ono kucokera paphewa kufikira pa kakolo, aikankhe pang'ono ndi phewa lace kuti itsamire mbali inayo, ndipo atukule phazi. Asagwade kapena kukhala pansi, koma awerame, kuti nyama ikadzidzimuka athe kucoka msanga. Ana asaime kumbuyo.

Cocotsera dothi cingakhale kacitsulo kopindika kosathwa, kapena kamtengo kolimba kosongola pang'ono. Acotse dothi kuyambira ku cidendene kupita kutsogolo, asaiwale timigula tija. Atatero ayang'ane, anunkhize, ndi kukhudza khoma ndi dzanja kuti amve ngati latentha kuposa anzace. Nchito yonseyi sipitirira mphindi 5. Kuona maso a nkhono nkudekha: munthu wodziwa mapazi a nyama yace pamene iri bwino ndiye azindikira msanga tsiku limene asintha.

Mwana wa bulu kapena wa kavalo aphunzitsidwe kupereka phazi akali wa milungu yowerengeka, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Nyama yosaphunzira ibvuta pa tsiku la ngozi, ndipo anthu afika poigwetsa ndi zingwe, napweteka ndi miyendo ina yomwe.

Khola likhale pa malo okwera, la denga, ndi ngalande yocotsa madzi. Ndowe zicotsedwe tsiku ndi tsiku ndi kuunjikidwa padera; zidzakhala manyowa a kudimba. Ngakhale nyama yayenda m'matope tsiku lonse, ikagona pouma ziboda zace zilimbanso.

KUDZIWA MWENDO WOPWETEKA

Munthu mmodzi atsogolere nyama pa malo olimba ndi osalala, cingwe ciri colekerera, ndipo wina aime patsogolo ndi kuyang'ana mutu. Ngati bvuto liri pa mwendo wa kutsogolo, mutu ukwera pamene phazi lodwala liponda, nutsika pamene labwino liponda. Ngati liri kumbuyo, woyang'ana aime kumbuyo capatali. Ciuno ca mbali yodwala cikwera ndi kutsika kuposa cinzace. Ataudziwa mwendo, ayambe kufuna bvuto m'ciboda, ndipo pambuyo pace akwere nalo dzanja. Kumbuyo kwa kakolo kuli mtsempha wa magazi umene umveka pang'ono cabe pa nyama yabwino. Ukagunda mwamphamvu, m'cibodamo muli kutupa.

Lamulo lalikuru ndi ili: nyama yotsimphina isagwire nchito, ngakhale ya ulendo umodzi.

MABVUTO OONEKA KAWIRI KAWIRI

1. Kuola kwa kamtsamiro. Ndiyo nthenda ya dzinja ndi ya khola lauve. M'timigula muturuka zakuda zonyowa za pfungo loipa. Mwini atsuke ndi madzi a mcere, aumitse ndi nsanza, apake ayodini, ndipo acite cotero tsiku ndi tsiku, nyama iri pouma. Pa abulu kuola kugwiranso mzere wotuwa uja, nusiya mphako pakati pa khoma ndi phazi; pamenepo pafunika munthu wodziwa kuwenga.

2. Kubayidwa ndi msomali. Iyi ndiyo ngozi yaikuru koposa, ngakhale bala lace licepa ngati diso la singano. Msomali wolowa pakati pa kamtsamiro ukhoza kufika pa mfundo ya m'kati, ndipo nyama yotere ipunduka kosatha ikapanda kuthandizidwa tsiku lomwelo. Ngati dotolo ali pafupi, msomali usazulidwe kufikira iye ataona mmene walowera, ndipo nyama isayende. Ngati ali kutali, mwini auzule molunjika, aike cizindikiro pa malo pamene unalowa, ausunge kuti akaonetse utali umene unalowa, atsuke bala, athiremo ayodini ndi kukulunga phazi ndi nsaru yoyera ndi thumba lolimba.

Pambuyo pa bala lotere pabwera kafumbata. Tizirombo tace tikhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tikonda bala lakuya lotsekeka kukamwa. Akavalo ndi abulu agwidwa nayo msanga kuposa ziweto zambiri. Patapita mlungu umodzi kufikira milungu 3, nyama iuma thupi, makutu aima, mcira utukuka, nsagwada zimangika, ndipo zambiri zimafa. Cifukwa cace nyama yobayidwa ilandire jekeseni wa kafumbata tsiku lomwelo. Coposa ndico katemera: jekeseni ziwiri zotalikirana milungu 4 kufikira 6, yacitatu pakatha caka, ndi zina monga adzanena dotolo.

3. Mafinya m'ciboda. Nyama imene dzulo inali bwino ipezeka m'mawa itapachika phazi, yosafuna kuliponda, kotero kuti anthu ayesa yathyoka. Ciboda citentha, mtsempha ugunda. Kawiri kawiri cimene cacitika nkuti kamwala kanalowa pa mzere wotuwa, kapena phazi linatunduzidwa ndi mwala. Phazi liviikidwe m'madzi ofunda a mcere mphindi 15 kufikira 20, kawiri pa tsiku. Dotolo kapena mlangizi aboola kabowo kakang'ono pansi kuti mafinya aturuke, ndipo nyama ipeza mpumulo msanga. Akalekerera, mafinya akwera m'kati mwa khoma naturukira pa mkombero wa pamwamba, ndipo kucira kutenga nthawi yaitali.

4. Kutentha kwa ziboda cifukwa ca cakudya. Kavalo kapena bulu wothyola nkhokwe ndi kudya cimanga cambiri, kapena wopatsidwa gaga wocuruka mwadzidzidzi, akhoza kutupa m'kati mwa ziboda, makamaka za kutsogolo zonse ziwiri. Aima atatambalitsa miyendo kutsogolo, natsamira kumbuyo, ndipo akana kuyenda. Pa nthenda imeneyi pfupa la m'kati lilekana ndi khoma. Asamkakamize kuyenda, aimike mapazi ace m'madzi ozizira, amcotsere cimanga ndi gaga, ampatse udzu wouma wokha, ndi kuitana dotolo. Bulu safuna cimanga cambiri. Udzu, mapesi ndi masangwe a nsawawa zimkwanira pa nchito wamba.

5. Zironda za cingwe ndi nkhupakupa. Waya kapena cingwe copyapyala ca nailoni comangidwa pa kakolo ciceka khungu kufikira mtsempha. Nyama imangidwe ndi cingwe ca kumutu. Ngati nkofunika kumanga mwendo, pakhale lamba wotambalala wa nsaru yofewa, wosinthidwa mwendo tsiku ndi tsiku. Nkhupakupa za milomo yaitali zikonda kuluma kumbuyo kwa cidendene, ndipo zisiya cironda cotsimphinitsa. Pano pali cenjezo lalikuru: mankhwala a dibi a ng'ombe okhala ndi amitraz ali poizoni kwa akavalo ndi abulu. Amanga matumbo, ndipo nyama ikhoza kufa. Mlimi awerenge pa botolo, kapena afunse mlangizi asanapopere.

6. Mitsempha ndi mafupa. Kumbuyo kwa mwendo, pakati pa bondo ndi kakolo, kuli mitsempha yolimba yonga zingwe. Ibvulala pamene nyama ikoka ngolo yotitimira m'matope, kapena ithamangitsidwa itatopa. Malowo atupa natentha. Athirepo madzi ozizira mphindi 20, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo nyama ipumule. Mtsempha ucira pa miyezi, osati pa masiku. Pfupa lalikuru la mwendo likathyoka pa nyama yaikuru, kucira nkobvuta kwambiri, ndipo dotolo ndiye aweruze ngati nkoyenera kuipha mwacifundo.

Pa zironda zonsezi pasathiridwe oilo wakuda wa galimoto, madzi a m'batire, kapena ndowe, ndipo pasaochedwe ndi citsulo camoto. Zimenezi zipha mnofu wabwino ndi kutsegulira kafumbata njira.

KUWENGA ZIBODA

Nyama yoyenda kwambiri pa nthaka youma iperepesa yokha ziboda zace. Yokhala pa dothi lofewa ziboda zace zitalika, zing'ambika, ndipo pa abulu ena zipindikira m'mwamba, mitsempha nikokeka. Ziboda ziyang'anidwe ndi munthu wodziwa pa milungu 6 kufikira 8 iri yonse. Zida zace ndizo mpeni wakuthwa, mbano zodulira ndi tupa wamkuru. Cikwanje ndi nkhwangwa siziyenera. Wowenga acotse khoma lopitirira lokha, asapale pansi pa ciboda kufikira pafewa, ndipo kamtsamiro angocotsako zolendewera. Atatha, phazi liponde mofanana mbali zonse, ndipo munthu woyang'ana cam'mbali aone ciboda ndi kakolo ziri pa mzere umodzi. Ciboda ca bulu ciima coongoka kuposa ca kavalo, ndipo asacisemere kuti cifanane naco.

Akavalo oyenda pa tala kapena a masewera abvekedwa nsapato zacitsulo. Imeneyi ndiyo nchito ya mmisiri wophunzira, pakuti msomali wolakwa pang'ono ulowa m'mnofu. Nsapato zicotsedwe ndi kukhomedwanso pa milungu 6, cifukwa ciboda cikula pansi pace. Bulu wa nchito wamba safuna nsapato. Ciboda cace cikaperepeseka, mankhwala ace ndiwo kupumula.

PA ULENDO

Bulu asayambe nchito yolemetsa asanakwane zaka 4, pakuti mafupa ace akali kukula. Goli la ng'ombe silimyenera, popeza mphamvu yace iri pa cifuwa, osati pa khosi; afuna lamba wotambalala wa pacifuwa. Katundu aikidwe pamwamba pa magudumu, asalemere kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ngolo ikhale ndi buleki, kuti potsetsereka miyendo ya nyama isakhale ndiyo yoimitsa katundu yense. Pa tala nyama iyende, isathamange. Pa cithaphwi cosaoneka pansi woyendetsa atsike, nayese ndi ndodo. Maulendo awiri a katundu wopepuka aposa ulendo umodzi wothyola nyama. Ndiponso m'Zambia muli lamulo loletsa kucitira nyama nkhanza, ndipo kugwiritsa nchito nyama yopweteka ndiyo nkhanza.

KOKAPEZA THANDIZO

Kumidzi thandizo loyamba liri kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera, ndi ku ofesi ya dotolo wa ziweto pa boma. Ku Lusaka, pafupi ndi Kalingalinga, pa University of Zambia, pali sukulu ya madotolo a ziweto yochedwa dzina la Samora Machel, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo iri ndi cipatala ca nyama. Aitanidwe dotolo tsiku lomwelo pa zinthu izi: msomali m'phazi, nyama yokana kuponda, bala la pa mfundo, kutentha kwa ziboda ziwiri pamodzi, ndi kuuma kwa thupi. Kutsimphina kwina kuli konse kosasintha pa masiku awiri kuonedwenso. Mlimi asabise ululu ndi mankhwala ogula pa msika kuti nyama ipitirize nchito. Ululu ukabisika, cobvulalaco cikulirakulira.

Mtengo wa bulu mmodzi uposa kutali mtengo wa botolo la ayodini ndi jekeseni za katemera. Banja lotaya bulu mwezi wa November litaya ndi munda womwe, pakuti mvula siidikira munthu. Cifukwa cace mlimi wanzeru akonze khola louma mvula isanagwe, atemeretse nyama zace, apachike kacitsulo kocotsera dothi pa khomo la khola, ndipo atukule mapazi anai m'mawa ndi madzulo.